Achimwene Anakaimba Kantire ku Pabu Atavala Suti

Kwathu kantire, nyimbo zija za gitala za azungu a ku America, sitinkamvera titavala kabudula. Ndiyambire pamenepa, chifukwa mukapanda kumvetsa zimenezi muganiza kuti tinali openga tonse anayi tsiku lija tinakwera sitima ya ku Woolwich titatchena ngati tikuperekeza mkwati.

Ine ndi achimwene anga tinabadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe, m'komboni momwe Chichewa chinkamveka kuposa Chishona. Bambo athu anachokera ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo ntchito yawo inali yosonkha moto m'mabalani owotchera fodya. Sabata yonse ankanunkha utsi. Koma Lamulungu masana ankasamba, n'kuvala jekete lawo limodzi lomwe lija, n'kumanga tayi, n'kutulutsa wailesi pansi pa mtengo wa mabulosi. Pulogalamu ya kantire ikayamba, pakhomo pankati zii. Ukangoti kho kutsokomola, diso lokha la bambo linkakukwana. Chingerezi sankachimva kwenikweni, koma ankati, "Awa ndiye anthu aulemu. Tamvani mmene akudandaulira osakuwa." Choncho ife tinakula tikudziwa kuti kantire ndi nyimbo za akuluakulu, zomvera utakhala bwinobwino, miyendo pamodzi.

Pulogalamu ikatha ankamasula tayi, n'kuzungulira kuseri kwa komboni kukamwa chikokiyana, mowa wa pafamu wopsa tsiku limodzi. Sindibisa ine, ankamwa ndithu. Ankabwera dzuwa likulowa akuimba nyimbo zomwe zija m'Chingerezi chawochawo, n'kutinyamula paphewa mosinthana. Sanamenyepo munthu. Koma mpingo wa pafamupo unawadula, ndipo atamwalira akulu a mpingo anakana kudzaimba pamaliro. Tinawaika tokha ndi anzawo a m'mabalani, m'mphepete mwa munda wa eni.

Lero tonse awiri tili ku London, ku Ilford, nyumba zathu kungotalikirana misewu itatu. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Achimwene amayendetsa basi, zofiira zosanja zija. Koma mukanawafunsa nthawi imeneyo kuti ndinu ndani, sakanatchula za basi. Anali akwayamasitala a mpingo wathu wa ku Tottenham, umene umakumana m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma ndi ufa. Zaka khumi ndi ziwiri ali pa udindo umenewo! M'basi anthu amangogunda khadi yolipirira n'kudutsa, nkhope ya dalaivala osaiona n'komwe. Kutchalitchi achimwene akangokweza dzanja, anthu makumi awiri ankaimirira nthawi imodzi. M'thumba la jekete ankasunga kachitoliro kakang'ono ka mpingo kopatsira kwaya liwu loyambira, ndipo ankakasamala kuposa foni. Ine ndemwe anandichotsa mu alito chifukwa cholongolola pa pulakatisi, mlongo wawo weniweni, tangoganizani.

Chaka chatha anagula gitala yakale pamsika wa zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, n'kuyamba kumaikhwacha pa nthawi yopuma kugalaja ya mabasi. Tsiku lina anabwera nayo kukhitchini kwanga, n'kunena kuti, "Iwe, tazimitsa ketuloyo. Ndapeka kanthu."

Inali kantire yeniyeni, yoyenda pang'onopang'ono ngati ngolo, koma m'Chichewa. Inali ya bambo. Ndime yoyamba inkanena za moto wa m'mabalani, yachiwiri za jekete ndi wailesi. Ndiye inafika yachitatu:

Ankamwa, inde ankamwa,
musandiuze, ndinalipo.
Akamwa ankandinyamula paphewa.
A mpingo atakana, tinakumba tokha.

Ine ndinakhala pansi pomwepo, nsalu yopukutira mbale ili m'manja. Zaka zonsezo panalibe amene anatchulapo zimenezi, ngakhale ife eni ake. Ndinalira, kenako ndinaseka, kenako ndinawauza kuti aimbenso. Anaimba katatu, mpunga wanga n'kupserera pamoto.

Alamu anga, akazi a achimwene, ananyadira mpaka anakauza abusa kuti bambo a kunyumba apeka nyimbo. Abusa athu ndi munthu wofatsa, wachikulire, mkati mwa sabata amayendetsa takisi. Anaimvetsera yonse pambuyo pa pulakatisi ya kwaya, n'kunena kuti, "Yokoma kwabasi. Mudzaiimbe pa Lamulungu la abambo, mpingo wonse umve. Koma ndime yachitatuyo ichoke. Mowa sitingauimbire pa guwa, komanso ikuchititsa manyazi mpingo."

Achimwene anangoti, "Ndamva, abusa." Kunyumba anayesa kuiimba yodula. Ankati akachoka pa ndime yachiwiri kulumphira yachinayi, zala zinkaima zokha.

Sabata yomweyo mnzawo wa kugalaja, mzungu wandevu amene ankawamva akuimba m'kantini, anawapatsa kapepala. Iye ndi anzake amakumana Loweruka masana kamodzi pamwezi m'chipinda chakumbuyo cha pabu ina ku Woolwich, aliyense n'kuimba nyimbo yake. Pabu ndiye bala ya kuno. Pakapepalapo panalembedwa mawu awiri akuluakulu: Outlaw Country. Ife maso anangothamangira pa liwu lachiwirilo, mitima n'kuti myaa. Kantire! Anthu okonda kantire alipo mu London muno! Liwu loyambalo palibe anafunsa kuti likutanthauzanji. Safunsa anadya phula, ndipo ife tinadya lambiri.

Achimwene sadziwa kuchita zinthu mobisa. Anapita okha kukauza abusa. Ine ndinawatsatira, chifukwa ndimawadziwa kuti pa anthu aakulu pakamwa pawo pamauma.

"Ndi msonkhano wa kantire, abusa," anatero. "Masana. Anthu aulemu."

"Uli kuti?"

"Kumbuyo kwa pabu."

Abusa anavula magalasi. "Akwayamasitala, pabu ilibe kumbuyo kapena kumaso. Lamulo la mpingo mukulidziwa: wa udindo akalowa pamalo a mowa, atule pansi udindo. Sindinalipange ndine, ndinalipeza. Chaka chatha tinatsitsa msungichuma pa nkhani yomweyi, inu muli pomwepo. Ndikakusiyani inu ndidzamuyang'ana bwanji?"

Ine magazi anali atawira kale. "Abusa, pepani, kodi akukamwa? Akukaimba!"

"Mayi, ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikuwapatsa guwa. Achotse mizere inayi yokha, aimbe pamaso pa anthu awo, kachitoliro kakhale m'thumba mwawo. Akalowa uko, adzandipatse Lamulungu m'mawa."

Nkhani inali imeneyo basi. Kwaya ndi nyimbo yodula, kapena nyimbo yathunthu popanda kwaya.

Alamu atamva anagwira mutu. Iwo anali mu sopulano, ndipo ulemu wa amuna awo unali ulemu wawonso. "Bambo, taganizani bwino," ankatero. "Mutaye zaka khumi ndi ziwiri chifukwa cha mizere inayi? Ndiye azunguwo akamva chiyani? Chichewa amachidziwa? Mukaimba ndime imeneyo kapena mukaimba za mtengo wa tomato, kwa iwo n'chimodzimodzi!"

Kunena zoona alamu anali ndi mfundo. Koma achimwene anangoti, "Ndikamva ndine."

Sananene kuti apita, sananenenso kuti sapita. Anangotumiza suti kukachapitsa.

Loweruka linafika. Achimwene anavala suti ya buluu woderapo, shati yoyera, tayi, nsapato zowala moti ungadziwonerepo. Amuna anga, amene ndi a ku Lusaka ndipo salola kupitidwa pa nkhani ya zovala, anavala suti ya zidutswa zitatu ndi kampango m'thumba la pachifuwa. Ine ndinavala chitenje changa chosoketsa cha paukwati wa mwana wa mnzanga, duku lalikulu, nsapato za gogoda. Alamu anati akupita kuti akaone ndi maso awo mmene banja likugwera m'dzenje, koma anavala chipewa cha tchalitchi, n'kunyamulanso kontena ya mandasi, poti kumsonkhano sapita chimanjamanja. Tinkaoneka bwino, ndisaname. Pa siteshoni ya Ilford mayi wina anatifunira mafuno abwino a ukwati.

Titasintha sitima pa Whitechapel, amuna anga anati aone pafoni kuti liwu loyamba lija n'chiyani, kuti akakhale ndi chonena tikakafika. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Ba mulamu," anatero m'Chinyanja chawo cha m'tauni, "yakosa nkhani. Aba bantu si ba tayi iyayi. Ni vigabenga!"

"Zigawenga bwanji?" ndinafunsa, n'kuwalanda foniyo. Mayo ine! Zithunzi zake: tsitsi lofika m'mapewa, ndevu ngati tchire, zipewa zakuda, majekete achikopa, ndudu pakamwa. Tayi panalibe ndi mmodzi yemwe.

Amuna anga anatenganso foni n'kuyamba kutimasulira, sitima yonse ikumva. Akuti ku America kunali mabwana a makampani ojambula nyimbo amene ankalamula chilichonse. Ankasankhira woimba nyimbo yoti aimbe, anthu omuimbira zida, ngakhale kametedwe. Nyimbo ikakhala yaukali ankaithira zotsekemera kuti isakhumudwitse ogula. Ndiye oimba ena anakana, n'kunena kuti nyimbo ndi yanga, ndiimba mmene ndaipekera, mufune musafune. Amenewo ndiwo anawatcha dzina lija, kutanthauza anthu okhala kunja kwa lamulo. Ena mwa iwo analowadi m'ndende, ena mowa unawapweteka.

"Mwamva?" anatero alamu. "Ndende! Ndiye kumeneko n'kumene tikupita ndi mandasi anga?"

Amuna anga anali atayamba kale kusangalala nazo. Paja iwo akawerenga chinthu kwa mphindi ziwiri amasanduka mphunzitsi wake. Anati weniweni pa gulu limeneli ayenera kukhala atagonako m'selo, akhale ndi chipewa, akhale ndi njinga yamoto, akhale atasiyidwa ndi akazi osachepera awiri. "Manje imwe ba mulamu, olo tiketi ya faini ya pakingi mulibe. Basi mumaimika olo loboti ili pa yelo. Muzakamba chani kuja?"

"Inu khalani chete," ndinatero. "Inuyo kalata ya khonsolo ikangobwera mumatsekula m'mimba. Mukudziwa chiyani za zigawenga?"

Tinakangana mpaka Canary Wharf, ine ndi amuna anga, alamu akupemphera chamumtima. Achimwene anali atangokumbatira gitala yawo, maso pawindo ngakhale kunja kunali khoma lokhalokha. Kenako anatembenukira amuna anga.

"Alamu, tawerenganinso pamene pakuti anakana."

Amuna anga anawerenganso, pang'onopang'ono. Achimwene anagwedeza mutu.

Ku Woolwich tinadutsa pakati pa msika, anthu akutipatsa njira. Pabuyo inali pakona, ndipo panja pake panali njinga zamoto zisanu ndi imodzi zitandandalikidwa. Amuna awiri onenepa, mikono yodzaza zojambula, ankasuta pakhomo. M'kati munkamveka gitala ndi fungo la mowa wothikira pa kapeti. Achimwene anafika pa chitseko n'kuima. Dzanja lamanzere linali ndi gitala, lamanja linalowa m'thumba la jekete, ndipo tonse tinadziwa chimene likugwira.

"Bambo," anatero alamu motsitsa mawu, "sitima yobwerera ilipo. Palibe watiwona. Mpaka pano simunalakwe."

Ndinkafuna kuwakankha kumsana, Mulungu andikhululukire, koma ndinadziwa kuti khomo limeneli si langa. Ndinaluma mlomo, ndipo kwa ine imeneyo ndi ntchito yaikulu. Mmodzi wa osuta aja anatiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku duku, n'kufunsa mwaulemu ngati tasochera, poti holo ya maliro ili msewu winawo.

Achimwene anamuyankha m'Chingerezi cha pabasi kuti ayi, tabwera kudzaimba. Anatulutsa dzanja m'thumba, n'kukankha chitseko, n'kulowa.

Ine nthungululu inangotuluka yokha! Pakhomo la pabu, masana dzuwa likuswa mtengo, nkhunda za pamsika mpaka zinauluka. Alamu ananditsina pamkono, koma analowa nawo.

M'chipinda chakumbuyomo munali anthu ngati makumi atatu, zipewa zokhazokha. Titangolowa, phokoso linaduka. Mkulu wina anakankhira botolo lake kuseri kwa mpando, poganiza kuti tabwera kudzalalikira. Ndiye mnzawo wa achimwene, wandevu uja, anatiwona. Anaseka mpaka kugwira tebulo, kenako anabwera kudzawakumbatira, n'kuuza chipinda chonse kuti uyu ndi dalaivala mnzake, ndipo adikire amve. Anatipezera mipando kutsogolo. Tinaitanitsa madzi a malalanje anayi. Alamu anakhala chilili pampando, kontena pamiyendo, chikwama atachikumbatira.

Oimba anayamba kusinthana. Ndisanyoze, ena ankatha ndithu, ndipo ine phazi linayamba kugunda pansi lokha. Panabwera wina wamtali, zakuda zokhazokha, chipewa chachikulu, n'kuimba za zaka zimene anakhala m'ndende ndi mmene anathawira apolisi pa kavalo. Amuna anga anandigunda ndi chigongono. "Waona? Uyu ndiye weniweni." Anafunsa wandevu uja kuti mkuluyu anamangidwa chifukwa chiyani. Wandevu anati sanamangidwepo, ndi dokotala wa mano, ndipo kavalo amamuopa. Amuna anga anamwa madzi awo a malalanje mwakachetechete.

Kenako wandevu uja anaitana achimwene.

Anakwera pa kansanja ka oimba, n'kukonza tayi, n'kukhala pampando miyendo pamodzi. Ndiye anachita chinthu chimene ndikachikumbukira ndimaseka ndekha m'basi. Analowetsa dzanja m'thumba, n'kutulutsa kachitoliro ka mpingo, n'kuliza: piii! Chizolowezi cha zaka khumi ndi ziwiri, munthu ali ndi gitala m'manja! Chipinda chonse chinagwa nacho chiseko. Achimwene anakayang'ana kachitoliroko ngati akukaona koyamba, n'kumwetulira, n'kukaika pa tebulo pambali pawo.

Analankhula mawu ochepa m'Chingerezi. Anati nyimboyi ndi ya bambo awo, amene ankasonkha moto pafamu ya fodya ndipo ankamvera kantire atamanga tayi, n'chifukwa chake tavala chonchi. Anati ili m'chinenero chathu, ndipo ili ndi ndime zinayi. Pa liwu lakuti zinayi anayang'ana alamu.

Anayamba. Mawu a achimwene ndi besi yofewa, sakuwa. Ndime yoyamba anthu anali akumwetulirabe za kachitoliro. Yachiwiri, mabotolo anasiya kugundana. Mayi wogulitsa mowa anabwera kudzaima pakhomo la chipindacho, nsalu ili paphewa. Ine ndinkawerenga mizere ndi zala, chifukwa ndinkadziwa kuti angathebe kulumpha. Akanalumpha, palibe mzungu akanadziwa. Mwinanso akanapita kwa abusa n'kukapepesa kuti ndinalowa koma ndinaimba yoyera.

Anafika pamapeto pa ndime yachiwiri. Gitala inazungulira kamodzi, kawiri, popanda mawu. Kenako anatseka maso.

Ankamwa, inde ankamwa,
musandiuze, ndinalipo.

Sanaiimbe mokweza, koma tsitsi langa linaima pansi pa duku. Ndinamva fungo la utsi wa m'balani m'chipinda chija, ndikulumbira. Ndipo pa mzere wachitatu ndinamva mawu ena pambali panga, opyapyala, okwera pamwamba pa besi ija. Alamu! Alamu omwe aja a sitima yobwerera, chipewa cha tchalitchi chili pamutu, misozi ili chuchuchu, akuwathira sopulano amuna awo m'kati mwa pabu. Nyimboyo anali ataimva kambirimbiri kudzera pakhoma la kuchipinda, ndipo ankaidziwa yonse. Ine ndinalowa ndi alito yanga yochotsedwa ija. Amuna anga, amene saimba ngakhale kubafa, ankangoti mmm, mmm, koma analipo.

A mpingo atakana, tinakumba tokha.

Nyimbo inatha. Kenako chipinda chinaphulika. Anthu anaimirira, kuponda pansi ndi majombo, kuimba mluzu, kumenya matebulo. Ine ndinavula gogoda n'kuvina pomwepo, kantire kapena ayi. Ndinali ndisanasangalalepo chotero chibwerereni ku England kuno, ngakhale tsiku limene mapepala anga ondiloleza kukhala kuno anatuluka.

Mmodzi wa onenepa a pakhomo aja anabwera, maso ali psuu. Anafunsa achimwene kuti pamene amayiwa analowerapo paja pankanena chiyani, poti iye sanamve liwu ndi limodzi lomwe koma pamenepo pamubaya. Achimwene anamumasulira mizere inayi ija, n'kuwonjezera kuti chifukwa cha mizere imeneyi mawa akataya kwaya yawo. Mkuluyo anavula chipewa chake chakuda n'kuwaveka achimwene pamutu, anzake akukuwa. Achimwene anathokoza, n'kukhala nacho pang'ono kuti amuna anga ajambule, kenako anachivula n'kumubwezera ndi manja awiri. Anamuuza kuti kwathu kantire ikamaimbidwa, chipewa timavula.

Mandasi anatha onse, mpaka dokotala wa mano anapempha kuti alamu amulembere kaphikidwe kake.

Pobwerera m'sitima amuna anga anayambanso maphunziro awo, koma atatembenuka. Tsopano ankati iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti ba mulamu ndiwo enieni. Ndinawasiya, tsikulo ndinalibe mtima wokangana. Koma ndinkaganiza ndekha, gogoda zili m'manja. Chipewa chimagulidwa, pamsika wa Woolwich pomwepo zilipo. Ndevu zimamera pa aliyense waulesi. Ndende nayo amalowa ndi akuba nkhuku omwe, satulukamo ndi nyimbo. Chimene ndinaona ine tsiku limenelo ndi munthu woopa malamulo kuposa wina aliyense amene ndimamudziwa, woima pa yelo, atauzidwa ndi anthu amene amawalemekeza kuti dula apa tikupatse malo, iye n'kukana, akudziwa mtengo wake. Achimwene anagona tulo kuyambira Whitechapel mpaka Ilford, gitala ili pakati pa miyendo.

Walira mvula walira matope. Lamulungu m'mawa tinakwera masitepe a pamwamba pa sitolo ya nsomba mapemphero asanayambe. Achimwene analowa m'kachipinda ka abusa, ine ndinaima pakhomo, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinkamvetsera. Anatulutsa kachitoliro n'kukaika pa tebulo.

"Munalowa?" anafunsa abusa.

"Ndinalowa, abusa."

"Ndime ija munaimba?"

"Ndinaimba."

"Yonse?"

"Yonse."

Abusa anakatenga kachitoliroko, n'kumakatembenuza m'manja. Ndinali nditakonzeka kulowa ndi mawu anga, koma zimene ananena zinanditseka pakamwa. Anati, "Bambo anganso ankamwa." Anatsegula kabati, n'kukaikamo. "Koma lamulo ndi lomwe lija, akulu. Ndilengeza pa zolengeza."

Analengezadi, mwachidule, osatchula pabu. Anthu anatembenuka kuyang'ana. Achimwene anali atakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi hita yotenthetsa chipinda, pamene pamakhala ochedwa ndi amayi a ana olira. Ndinakhala nawo. Ndinaona manja awo ali pamaondo, osadziwa chochita, ndipo chisangalalo chonse cha dzulo chinanditsika. Zinandipweteka kwambiri.

Inafika nthawi ya kwaya. Anaimirira mosalingana, wina uku wina uku, alamu ali pakati pawo maso otupa. Mayi amene abusa anamuika kuti atsogolere anapatsidwa kachitoliro kaja, koma anali asanakagwirepo. Analiza, kanatuluka kaphokoso ngati ka mwana wa mphaka. Analizanso, kanatuluka kena. Asopulano anayamba pamwamba, abesi pansi pa nyumba, nyimbo n'kugwa isanathe mzere woyamba. Anaima. Tchalitchi chonse chinati zii, mayi uja thukuta lili pamphumi.

Ndiye pambali panga ndinamva kung'ung'udza. Achimwene, mutu uli pansi, maso pa nsapato zawo, milomo yotseka, anatulutsa liwu limodzi lokha, lalitali, lomveka mpaka kutsogolo. Alamu analigwira, abesi analigwira, kwaya yonse inalowa bwinobwino ngati kale. Abusa anayang'ana kumbuyo kuja, n'kutsitsa maso pa Baibulo lawo.

Kachitoliro sanawabwezere mpaka lero. Achimwene amakhalabe pa benchi ija pafupi ndi hita, atavala suti yomwe ija, ndipo Lamulungu lililonse kwaya ikaimirira imayamba yadikira kaye liwu lochokera kumbuyo.